Msana wa Lalla Rkia

Mu Medina, dera lakale la mzinda wa Casablanca, mkazi akamwalira anthu sankafunsana kuti aitane ndani. Ankatuma munthu kukagogoda pa chitseko chobiriwira cha m'kanjira ka osoka nsapato, ndipo Zhor ankatuluka ndi ndowa yake, masamba a masawu opera ndi mankhwala onunkhira a kamfa m'kathumba. Sankafunsa kuti wamupha n'chiyani. Ankangofunsa ngati madzi awaika kale pamoto.

Anabwera mumzindamo ali mtsikana kuchokera kumidzi ya ku Doukkala, atakwatiwa ndi mwamuna wonyamula matumba kudoko. Mulungu sanawapatse mwana. Ntchito yosambitsa maliro anaiphunzira kwa apongozi ake, poyamba akungothira madzi, kenako akugwira yekha. Apongoziwo atapita, mwamuna nayenso n'kutsatira, Zhor anatsala ndi chipinda chimodzi ndi ndowa ija.

Anthu ankamulemekeza. Pamaliro ankamupsompsona pamutu, ena mpaka m'manja. Koma kuukwati sankamuitana, ndipo akakumana ndi mayi wonyamula khanda, mayiyo ankakoka nsalu n'kuphimba nkhope ya mwanayo kwinaku akumwetulira. Zhor sankawaimba mlandu. Ankadziwa matupi a amayi awo ndi azilongo awo kuposa eni akewo, ndipo munthu wodziwa zotere n'kumakhala chete sakoma kudya naye mbale imodzi.

Malipiro ake ambiri anali shuga. Kwathu kuno opita kukapepesa maliro amanyamula zibuma za shuga zokulungidwa m'mapepala, ndipo anamfedwa akasowa poziika ankamusenzetsa Zhor ziwiri kapena zitatu. Zinadzaza pansi pa bedi. Tiyi wake ankachita kumata milomo. Atadutsa zaka makumi asanu anayamba kumva ludzu losatha, ndipo dokotala wamkazi wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo anamuyeza magazi n'kuvula magalasi.

"Lalla Zhor, kodi mukufuna mudzadzisambitse nokha? Shuga musiye. Ndipo muziyenda m'mawa uliwonse mpaka thukuta lituluke."

Anayamba kuyenda m'mphepete mwa nyanja akangomaliza swala ya m'bandakucha, atavala mkanjo ndi nsapato zachimuna zapakaunjika. Tsiku lina mvula inamupeza kutali, n'kuthamangira pothawira, ndipo atafika pamthunzipo anapeza kuti sakufuna kuima. Umo ndi mmene zinayambira. M'moyo wake wonse ankapita kumene waitanidwa. Uku kunalibe womuitana.

Amuna a m'kanjirako sanachedwe kumuona.

"Bisalani, anthuni, Zhor akuthamanga!" ankakuwa Si Allal wogulitsa timbewu ta tiyi pakhomo la msika. "Lalla Zhor, lero mwathamangira ndani? Ngati ndi ine nenani, ndikamete ndevu."

"Amuna sindisambitsa, Si Allal. Ndikanati ndizisambitsa, inu sopo sakanakwana."

Khomo limodzi lokha ankalowa popanda maliro. Linali la Lalla Rkia, amene ankakhala pamwamba pa nyumba yakale yoyang'anizana ndi yake. Anali amasiye, akulu kwa Zhor ndi zaka zambiri, a pakamwa pakuthwa. Akazi a m'deralo ankati ndi odzikweza, chifukwa chikwatiwireni sanapondeko kuhamamu kumene akazi onse amasambira limodzi, kukhulana misana ndi kujeda apongozi. Lalla Rkia ankasamba kwawo, chitseko chokhoma, ndipo Lachinayi lililonse Zhor ankakwera masitepe kukawakhula msana.

Msanawo unali ndi zipsera kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Zina zinali za lamba. Ziwiri, zoyera ndi zosalala, zinali ndi maonekedwe a simbi yamakala. Anawachita zimenezi ndi malemu amuna awo, Haji Bouchaib, amene anathandiza kumanga mpope wa pamzikiti, amene mwana wawo Miloud ankalumbirira dzina lawo mpaka lero. Za zimenezi akazi awiriwa analankhulana kamodzi kokha.

"Tsiku langa likadzafika, udzandisambitse ndiwe," anatero Lalla Rkia atayang'ana kukhoma. "Touria asadzalowe. Ndi mwana wabwino mpongozi wangayo, koma usiku womwewo adzamuuza Miloud. Mwanayo bambo ali naye mmodzi. Musiye akhale naye."

"Mulungu akalola, Lalla."

"Mulungu walola kale. Ndikufunsa iweyo."

"Ndidzatero."

Dzina la Zhor analilembetsa ndi dokotala uja pa mpikisano waukulu wothamanga wa mumzindamo, wa makilomita makumi anayi ndi awiri. Zhor anakana, n'kukananso, kenako anapezeka akusoka malaya aatali ofika m'mawondo oti adzathamangire. Sabata yonse lisanafike Lamulungu la mpikisanowo kunagwa mvula yosakata, makoma a mu Medina n'kumatuluka thukuta. Koma tsikulo kunacha koyera. Zhor akutseka chitseko chake, nambala atailumikiza pachifuwa ndi mapini, zenera la pamwamba linatseguka.

"Taonani mkwatibwi!" anatero Lalla Rkia. "Iwe, ukakafera kumeneko ine andisambitsa ndani?"

"Mudzadikira, Lalla. Kuleza mtima n'kumene mulibe."

"Choka apa. Pobwera undigulire nsomba, ndikuphikira ya tomato. Usabwere womaliza, ungandichititse manyazi."

Poyambira panali anthu zikwizikwi, fungo la mankhwala opaka ndi phokoso la zokuzira mawu. Achinyamata ankadzijambula, azungu ankadumphadumpha, magulu a antchito a m'mabanki atavala zofanana ankayimba. Zhor anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mpanda, akukonza mpango kuti usaterereke. Anati bisimila chamumtima, khamu n'kumukoka.

Anathamanga monga ankathamangira masiku onse, timasitepe tating'ono, maso pansi. M'mbali mwa msewu anthu ankaitana abale awo ndi maina, ena atanyamula zikwangwani. Iye sanayembekezere kumva lake, choncho sanamvetsere. Anadutsa doko kumene mwamuna wake anathera msana, anadutsa mzikiti waukulu, n'kutsata nyanja mpaka kumene kuli nyumba za olemera zobisika m'mitengo. Dzuwa linakwera. Miyendo inali bwino, mpweya unali bwino, ndipo kwa kanthawi anaiwala kuti ndi ndani.

Atakhota kumapeto kwenikweni n'kuyamba kubwerera, apolisi anatambasula chingwe pamphambano n'kuimitsa othamanga. Magalimoto ozimitsa moto anadutsa akulira, ambulasi pambuyo pake, zonse kulowera kumzinda. Othamanga ena anadandaula akuyang'ana mawotchi. Bambo wina wadazi pafupi naye anatulutsa foni m'thumba la pamkono.

"Mulungu atichitire chifundo," anatero. "Nyumba zagwa ku Medina. Akuti anthu akwiririka."

"Kanjira kati, mwana wanga?"

Bamboyo anayendetsa chala pafoni. "Ka osoka nsapato, azakhali. Nyumba ziwiri kapena zitatu. Muli ndi abale kumeneko?"

Chingwe chinatsika, anthu n'kuyambanso. Zhor anatuluka mumsewu, n'kulowa kamsewu kam'mbali kumene kunaima takisi yofiira. Woyendetsa anali atatulutsa mwendo pachitseko, akutafuna nthanga za mpendadzuwa.

"Ku Medina, m'bale wanga, chifukwa cha Mulungu."

"Ku Medina ndiuluke? Chichereni sindinasunthe, mayi. Misewu yonse mwatenga ndinu. Taonani kutsogoloku." Analoza mzere wa magalimoto wosaoneka mathero. "Njira yotseguka mumzinda muno lero ndi yanuyo basi."

Zhor anabwerera mumsewu wa mpikisano.

Apa m'pamene anthu anayamba kumuona. Othamanga anali atatalikirana, ndipo mayi wampango wa imvi zotulukira pamphumi, amene tsopano ankadutsa amuna otopa mmodzimmodzi, anakopa maso a aliyense. "Limbani, Haja! Awonetseni!" Akazi pakhonde lina analiza nthungululu. Anyamata oimba ng'oma anamutsatira pang'ono akuvina. Mtsikana wina anamuika chidutswa cha lalanje m'manja. M'moyo wake sanaomberedwepo m'manja, ndipo anadutsa pakati pa zonsezo ngati munthu wodutsa mumsika wa dziko lachilendo.

Anayesa kupemphera, koma pempho lake linkasokonekera. Anapempha kuti nyumbayo isakhale ya Lalla Rkia, n'kukumbukira kuti nyumba iliyonse m'kanjirako ili ndi anthu owadziwa. Anapempha kuti awatulutse amoyo. Kenako anaona m'maganizo manja a anthu osawadziwa akudula zovala ndi sizasi, Touria ataima pambali, ndipo anawonjezera liwiro. Mapazi anatentha ngati waponda makala. Mnofu wa mwendo wamanzere unagwira, n'kusiya, n'kugwiranso. Anangotsala ndi dzina la Mulungu, limodzi pa mpweya uliwonse.

Kupitirira mzikiti waukulu, msewu wa mpikisano unkakhotera kumanja, kumene kunkamveka nyimbo za pomalizira. Zhor anawerama, n'kudutsa pansi pa tepi kumanzere.

"Mayi! Mayi, mwasochera!" anakuwa mwamuna wovala chikasu. "N'kuno! Kwangotsala pang'ono!"

Sanacheuke.

Kanjira ka osoka nsapato kanali kowala kuposa masiku onse, chifukwa pamene panali nyumba ya Lalla Rkia panali thambo. Fungo la laimu wonyowa linali paliponse. Amuna anali pamzere akupatsirana ndowa za zibuma, ozimitsa moto ali pamwamba pa mulu, nthawi ndi nthawi wina n'kukweza dzanja kuti onse akhale chete amvetsere. Akazi anaunjikana kuseri kwa chingwe cha apolisi. Atamuona Zhor anamupatukira, monga ankachitira nthawi zonse.

Si Allal anatuluka pamzere, ndevu zitayera ndi fumbi.

"Mulungu akupatseni kupirira, Lalla Zhor."

"Ali kuti?"

"Anali pamwamba, ndiye tinawapeza oyamba. Sanavutike, mtanda wa denga unawapeza pakhosi. Apita nawo kunyumba yachisoni ya chipatala chakumtunda. Miloud ndi mkazi wake anafika n'kutsatira wapansi. Akuti akuluakulu alola kuti amene adziwika aikidwe lero lomwe."

"Kwa Mulungu tinachokera," anatero Zhor. Anayang'ana chitseko chake chobiriwira. Wapolisi anapukusa mutu: makoma onse a mbali imeneyo anali ndi ming'alu, palibe wolowa.

Si Allal anavula mkanjo wake, anaukutumula n'kumupatsa. "Valani. Simungalowe kwa akufa ndi nambala pachifuwa ngati basi."

Njira yopita kuchipatalako inali yokwera, ndipo magalimoto anali chiimire. Miyendo, itaima kanthawi kaja, inakana kuyambanso. Anathamanga pang'ono, n'kuyenda, n'kuthamanganso, mkanjo wachimuna ukumukola m'mapazi. Kuno kunalibe woomba m'manja. Anthu ankangomupatukira poganiza kuti ndi wamisala.

Anawapeza m'khonde la nyumba yachisoni. Miloud anakhala pabenchi, mutu uli m'manja. Touria anaima pachitseko cha chipinda chosambitsira, manja a diresi atawapinda kale, atakumbatira sanda yatsopano ya m'sitolo. Maso ake anali otupa.

"Azakhali Zhor, Mulungu wakubweretsani. Tinakufunani, akuti muli kothamanga. Muli mayi wa pano m'katimu, wati ndilowe ndizithira madzi. Tiyeni tilowe tonse."

"Ndilowa ndekha, mwana wanga."

Touria anamuyang'ana osamvetsa. "Ndi amayi anga awa. Ndawaphikira zaka zonsezi, ndawadula zikhadabo. Ndisawathire madzi omaliza?"

"Anandiuza okha kuti ndidzakhale ine basi."

"Ife sanatiuzepo," anatero Touria. "Ndinawalakwira chiyani? Kodi ndine wodetsedwa? Inu mwachokera kothamanga ndi amuna pamsewu, thukuta lokhalokha, ndiye woyera ndinu?"

Zhor sanali m'bale, ndipo chifukwa chimene anali nacho sichinali chake choti aulule. Anatembenukira kwa Miloud, amene anali atadzutsa mutu.

"Miloud, ndinasambitsa azakhali ako. Ndinasambitsa kamwana kako kaja kamene sikanalire. Ndinayamba ndakupemphapo kanthu?"

Mwamunayo anamuyang'ana nthawi yaitali, nsapato zamatope, mkanjo wa eni, milomo yoyera ndi mchere. Kenako anaimirira, anachotsa sanda m'manja mwa mkazi wake mofatsa, n'kuipereka kwa Zhor. Touria anakhala pansi pomwepo n'kuphimba nkhope.

M'katimo munali mozizira. Mayi wamkulu thupi, wovala epuloni yamphira ndi majombo, ankadzaza ndowa pampope.

"Nanga iwe watuluka m'chitsime?" anafunsa.

"Ndine Zhor, wosambitsa wa ku Medina."

Mayiyo anamuyang'ana m'manja n'kugwedeza mutu. "Ndine Hadda. Wako ndi uyu. Adokotala angoona pakhosi n'kulemba, sitinamuvule. Masawu ali pashelefupo."

Lalla Rkia anagona patebulo lamwala ali ndi diresi lawo la maluwa la m'nyumba, ang'ono kuposa mmene Zhor ankawadziwira. Zhor anatsamira khoma kufikira chipinda chitasiya kuzungulira. Anapita pampope, anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi monga achitira pokaswali, madzi n'kufiira ndi magazi a zikhadabo za kumapazi. Kenako anawafunditsa nsalu n'kudula diresi ali pansi pa nsaluyo.

"Ndafika, Lalla," anatero motsitsa mawu. "Nsomba ndilibe."

Anayamba ndi kumanja, monga anaphunzitsidwira. Anachotsa fumbi la laimu m'makutu ndi m'makona a maso, anasambitsa nkhope, manja, mapazi. Itafika nthawi yowatembenuza, analowetsa mkono pansi pa phewa n'kukoka. Ntchito imeneyi anali ataichita yekha kambirimbiri. Lero mphamvu zinali zitathera mumsewu, thupi n'kubwerera pomwe linali. Anayesanso, n'kutsala pang'ono kugwa nalo.

Hadda anaika ndowa pansi n'kubwera mbali inayo.

"Tsinzinani, mchemwali," anatero Zhor.

"Ndikatsinzina tiwagwetsa."

Anawatembenuza. Nsalu inatsetsereka pang'ono, ndipo msana unaonekera pansi pa getsi. Nyumba sinaukhudze n'komwe. Hadda anayang'ana, n'kuyang'ananso, kenako anakoka nsalu ndi dzanja lake lina.

"Awa nyumba inayamba kale kuwagwera," anatero. "Aja ali panjawo akudziwa?"

"Ayi."

"Thira madzi. Maso anga ndi manda."

Zhor anasambitsa msanawo pang'onopang'ono, ndi chikhatho, monga Lachinayi lililonse. Madzi oyamba, achiwiri a masawu, omaliza a kamfa. Anapesa imvi n'kuziluka katatu, n'kuziika kumbuyo. Awiriwo anakulunga sanda, nsalu pamwamba pa nsalu, n'kumanga kumutu, pakati ndi kumapazi. Zhor anawerama n'kuwapsompsona pamphumi kupyolera munsaluyo.

Atatsegula chitseko, Miloud anaimirira.

"Ali bwanji amayi, azakhali?"

"Nkhope yawo ndi yowala, mwana wanga. Ndi oyera ngati tsiku lobadwa. Kawaike pafupi ndi amene ukufuna."

Miloud analira mokweza n'kumupsompsona pamutu. Touria anadutsa pambali pake osamuyang'ana, ndipo Zhor anadziwa kuti mawa kanjira konse kadzamva kuti wosambitsa maliro anathamangitsa mpongozi pachitseko. Amuna anabwera ndi jeneza kudzanyamula thupi. Misewu inali itatsegulidwa, ndipo galimoto yoyera inatuluka pageti kupita kumzikiti. Akazi sapita kumanda tsiku loika, choncho Zhor anaima pakhonde mpaka galimotoyo itakhota.

Kumbuyo kwake chitseko chinatseguka. "Abweretsa ena atatu," anatero Hadda. "Mmodzi ndi mwana wasukulu. Ndili ndekha."

"Ndikubwera. Ndiyambe ndaswali."

Kuitana kwa swala ya madzulo kunali kukumveka kuchokera m'mizikiti ya kumunsi, umodzi pambuyo pa unzake. Zhor anafunsa mlonda kumene kuli kum'mawa, anayala katoni pakona ya khonde n'kuimirira. Atati awerame, miyendo inauma ngati mitengo. Anayesa kupinda bondo limodzi, ululu n'kumukwera mpaka m'mano. Chiyambireni kuswali ali kamtsikana ku Doukkala sanalepherepo kuika mphumi pansi. Anakokera benchi pafupi, anakhala, anaika manja pamawondo, n'kuswali chokhala monga achitira okalamba, akuweramitsa mutu mmene msana unamulolera.